Chilonda Chosaona Mphepo

Makhuwira,
6 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Goodwell,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana mukudzuka bwino kumeneko.

Ine usiku wathawu sindinaone tulo. Kuno kukutentha zoti ngakhale mbuzi zikukana kutuluka pansi pa nkhokwe, koma chondisowetsa tulo si kutentha ayi. Ndi fungo. Mwendo wa ababa wayamba kununkha, achimwene, ndipo fungolo landilowa m'mphuno moti ngakhale ndili kutchalitchi ndimalimva.

Mukukumbukira chitsa cha bango chimene chinawabaya pamsongolo mwezi wa Julaye akuvuula ukonde kudambo. Makapisozi munatumiza aja anamwa, ena azakhali a Lena anatsegula n'kuwaza pachilondapo. Chinauma m'mbali pang'ono, kenako chinayambiranso. Ndimachitsuka m'mawa ndi madzulo ndi madzi ofunda a mchere, ndipaka vasilini, ndiphimba ndi kachidutswa ka jumbo, kenako ndimanga nsalu zolimba kuti mphepo isalowe. Ababa akuti chilonda chikaona mphepo chimakula. Pakati pake pali zoterera zotuwa, zonga zija zimamera pansi pa mtsuko wosatsuka. Ndikazipukuta lero, mawa zabwerera.

Azakhali tsopano akugona kwathu kuno. Ndi amene anagamula kuti chilondacho ndizigwira ine ndekha, poti ndine wozizira, sindinalowe m'banja. Akuti munthu wotentha, amene akugona ndi mwamuna, akachigwira ababa atsemphedwa ndipo sichingapole. N'chifukwa chake za ukwati wanga ndi Hilario zinaima kaye. Ine sindinadandaule pamaso pa anthu.

Koma dzulo azakhali ananyamula nsalu yomangira ija ndi kamtengo, ananunkhiza, n'kundiyang'ana. Akuti, "Mtsikana iwe, mjigo wa kumsika uja masiku ano ukuchedwa kutulutsa madzi, eti?" Mukudziwa kuti Hilario amakonzera njinga zake pafupi ndi mjigowo.

Ndiulule kwa inu, popeza amayi kulibe. Tsiku lina tikuchokera kukwaya Hilario anandigwira dzanja, ndipo sindinalichotse mpaka tinafika pamtengo wa bwemba. Kupitirira apo palibe, Mulungu ndi mboni yanga. China n'chakuti nthawi zina ndikamatsuka mwendowo mtima umanyansidwa, ndimalakalaka nditangothawa. Ndimapempha chikhululukiro, mawa lake zomwezo. Kodi zinthu zotere zingawoletse mwendo wa munthu? Za tizilombo ndinaphunzira ku sekondale, mayeso ndinalemba, koma munthu ukamayang'anidwa chonchi tsiku ndi tsiku zakusukulu zimathawa m'mutu.

Pafoni sindinganene zimenezi, ikangolira azakhali afika kale pambali panga. Kalatayi ndapatsira a Fanizo, aja amakagulitsa nsomba zouma ku Limbe. Inu mumaona zilonda kuntchito kwanu. Ndiuzeni chimene chikununkhachi.

Ndine mlongo wanu,
Esinala

*

Ndirande,
13 Okutobala 2024

Mlongo wanga Esinala,

Kalata yako ndalandira. Kuno tilipo, alamu ako akupereka moni. Ndikulemba nditaimirira, ukhululuke malembedwe.

Poyamba, dzanja la Hilario lilibe mlandu wina kupatula girizi. Kunyansidwa nakonso si tchimo. Ine ndimagwira mafinya a anthu chaka chonse ndipo mpaka lero pali masiku ena amene chakudya chamasana chimandikanika.

Ndikuuze zimene timachita kulabu ya chipatala kuno. Akatibweretsera mafinya a chilonda ngati chimenecho, timawapaka m'timbale tiwiri. Kena timakasiya pamene pali mpweya, kena timakatsekera m'chibotolo chimene tachotsamo mpweya wa okosijeni. Pakapita masiku, zomera m'timbale tiwirito zimakhala zosiyana. Tizilombo tina timafuna okosijeni ngati iwe ndi ine. Tina okosijeni amatipha. Todana ndi mpweyato ndi timene timanunkha choncho. Ukatsegula chibotolo chija, anthu a chipinda chinacho amayamba kutukwana.

Mwina ufunsa kuti, nanga todana ndi mpweya tikukhala bwanji pachilonda chimene chili pamtunda? Yankho ndi zoterera zimene ukupukutazo. Imeneyo ndi nyumba imene mitundu yonseyi imamanga pamodzi. Tokonda mpweya timakhala pamwamba n'kumamwa mpweya wonse usanafike pansi. Tinato timakhala kunsi, mumthunzi wa anzawo, n'kumadya mnofu mosatekeseka. Nyumbayo n'njopyapyala kuposa chikhadabo chako, koma pansi pake mpweya mulibiretu. Pawokha apansiwo sakanatha kukhala pamenepo. Akukhala chifukwa apamwamba akuwaphimba. Makapisozi nawonso amavutika kulowa m'menemo, n'chifukwa chake chinauma m'mbali mokha.

Tsono jumbo ndi vasiliniyo, pachilonda choti chawola kale, zikuthandiza apansiwo. Mpweya ukachepa amakwera, amachuluka. Sindikukudzudzula, wachita zimene unauzidwa. Koma usiye. Uziphimba ndi nsalu yopepuka, yowiritsa, yoyanika padzuwa.

Umvetsetse apa: zimenezi zokha sizichiritsa. Ngakhale utachisiya pamphepo tsiku lonse, apansi aja ali ndi denga lawo. Nyumbayo iyenera kuphwasulidwa. Ababa apite kuchipatala cha kuboma akachipale ndi zitsulo mpaka pamnofu wamoyo, awapatse mankhwala oyenera, awayezenso shuga. Asadikire mvula, msewu wa kwathuko ukuudziwa.

Kubwera pakali pano sindingathe. Mnzanga ali patchuthi, ndatsala ndekha kulabu. Uwawerengere ababa kalatayi, kupatula za Hilariozo.

Mchimwene wako,
Goodwell

*

Makhuwira,
25 Okutobala 2024

Achimwene,

Moni. Kalata yanu inagona m'thumba la a Fanizo sabata yathunthu, anatsakamira pamaliro ku Thabwa. Inafika ikununkha utsi wa mlamba, koma inawerengeka.

Ndinawawerengera ababa, azakhali ali pomwepo akusenda nandolo. Za timbale tiwiri zija ababa anamvetsera bwino, mpaka anati, "Mwanayu sukulu sinamupite pachabe." Nditafika pa mawu oti kupala, anadzuka pamphasa. "Nkhabe, sindipita! Zikani anapita kuboma ndi miyendo iwiri, anabwera ndi umodzi ndi ndodo. Naye anayamba n'kumupala komweko." Ndinayesa kunena kuti a Zikani anapita mochedwa, mwendo utada kale. Anandiuza kuti ndisawaphunzitse za mnzawo amene anapalasa naye bwato limodzi ine ndisanabadwe.

Ndinachita mbali imene ndikanatha. Jumbo ndinasiya, vasilini ndinasiya. Masiku oyamba fungo linachepa ndipo ndinayamika Mulungu mokweza, mwina mofulumira. Kenako ntchentche zinatipeza. Tsopano mwendo watupa mpaka m'bondo, ukutentha ngati mwala wa padzuwa, ndipo madzulo ababa amanjenjemera. Azakhali akungoti, "Si imeneyo mphepo ya Goodwell. Wa ku Blantyre wachiza."

Ndikudziwa munanena kuti kuvundukula kokha sikuchiritsa. Ndinawakumbutsa. Koma pano chimene anthu akuona n'chakuti tinamvera inu ndipo mwendo watupa.

Ababa akuti nawonso ali ndi mawu. Akhala potsamira khoma, ine ndikulemba. Ndi awa:

Goodwell mwananga, ndine bambo ako, Kalioti. Takhuta, zikomo, chifukwa cha makapisozi aja ndi nzeru zako. Ine sindikukana chipatala, usamve zabodza. Koma munthu sapita kuchipatala atanyamula tsempho. Dokotala adula mwendo, tsempho litsala m'thupi, lidya winawo. Ine zilonda ndakhala nazo zambiri. Ng'ona inanding'amba ntchafu iwe uli kumsana, ndinapola osaona jakisoni. Ichi cha bango chabe chikukana bwanji? Chilonda ichi chalakwiridwa m'nyumba muno. Wochigwira ndi mmodzi. Sindikumuda, ndi mwana wanga, ndipo mnyamatayo tinamulandira kale. Angonena zoona, azakhali ako asakanize mankhwala, timwe, m'mawa mwake ndikwera njinga yamoto ndekha osandikankha. Akapanda kunena, ndifera pamphasa panga ndi miyendo yanga iwiri. Akulembayu ndi mlongo wako yemweyo. Ndamuuza alembe zonse, asasiyeko.

Ndalemba zonse, achimwene. Sindinasiyeko.

Ndalumbira pa Baibulo pamaso pawo, azakhali akuti Baibulo silitupa mwendo. Ndasala kudya, ndapemphera mpaka mawu atha. Ndatopa. Bwerani, inu mwina akumverani.

Esinala

*

Ndirande,
31 Okutobala 2024

Ababa,

Ndagwada pansi, ndikupereka moni. Mawu anu ndamva ndipo andipweteka.

Ndilankhule za kudambo, poti kumeneko ndinu mphunzitsi wanga. Munkanditenga m'bwato n'kundionetsa pamene namasupuni watseka madzi. Pamwamba pamaoneka pobiriwira bwino. Mukapatula ndi nkhafi, pansi madzi akuda, akununkha, mphende zathawa, kwatsala mlamba ndi zam'matope. Munkati madzi apa afa chifukwa sakupuma. Ndipo simunkadikira kuti mphepo iwachize. Munkatema namasupuniyo ndi chikwanje kuti madzi aonenso kumwamba.

Chilonda chanu chili choncho. Chapamwamba chatseka, zapansi zikudya. Kupala kumene ndikunenaku ndi kutema namasupuni basi, si kudula mwendo. Mwendo amadula munthu akachedwa, ndipo ababa, mukuchedwa. Kutupa kofika m'bondo ndi kunjenjemerako ndi zinthu zimene ine kuno ndimaziopa.

Esinala sanakulakwireni. Mwanayo wakutsukani miyezi yonseyi, ife ena tikungotumiza makapisozi. Musamusenzetse katundu amene si wake.

Esinala, apa ndi pako, usawerenge mokweza. Usavomere chinthu chimene sunachite, wamva? Kwathuko mawu otere akatuluka sabwerera. Upeze wanjinga yamoto, muwanyamule ngakhale akukana. Uitane Hilario akuthandize kuwakweza. Ine ndapempha tchuthi, andiuza kuti kumapeto kwa Novembala mnzanga akabwera. Ndakangana nawo mpaka ndaopa ntchito. Limba mtima pang'ono.

Goodwell

*

Kuchipatala, Chikwawa,
11 Novembala 2024

Achimwene a Goodwell,

Moni m'dzina la Ambuye, ngati ndikadali woyenera kulitchula. Kalata yanu a Fanizo anaisiya kunyumba ife titachoka kale. Yandipeza kuno dzana, mwana wa azakhali ndi amene anabwera nayo pamodzi ndi ufa. Munati ndisavomere. Inafika nditavomera.

Muyambe mwamva zabwino. Mwendo ulipo. Anawapala tsiku lomwe tinafika. Adokotala atangovundukula anabweza mutu n'kufunsa kuti tinali kuti nthawi yonseyi. Ananena zonga zanu zija, mwachidule, kuti zapansi ndi zimene zimanunkha ndipo mpaka azitsegulire. Shuga anawapeza nayo, akumwa mankhwala. Fungo latha, kutupa kwatsika, pachilonda payamba kufiira. Akuti awapalanso kachiwiri sabata yamawa, ndipo akhala kuno kufikira mnofu utadzaza. Akachoka msanga, zoterera zija zimanganso ndipo ulendo winawo sakulonjeza kanthu.

Tsopano zinazo. Munati tiwanyamule mokakamiza. Achimwene, munayesapo kukweza ababa panjinga iwo asakufuna? Ine ndinali nditayesa kale, ndinaitana wanjinga kawiri. Kachiwiriko ababa anagwira mzati wa khonde, odwala omwewo, wanjinga mpaka anati, "Mayi, ine ndimanyamula anthu, sindizula mitengo." Tsiku lotsatira thupi linatentha kwambiri, anayamba kulankhula ndi amayi ngati ali pakhomo, kuwafunsa ngati atseka nkhuku. Pamenepo ndinagwada. Ndinati, "Ababa, ndinagona ndi Hilario."

Ndinkaganiza kuti ndi mawu amodzi, ndikanena zatha. Azakhali anafunsa kuti kangati. Ndinati kamodzi. Anafunsa kuti kuti. Ndinati kudimba. Dimba la yani, tsiku lanji, chimanga chinali chitatalika bwanji. Ndinayankha zonse, ndipo pakamwa panga sipanagwe mphwayi. Zimenezi ndi zimene zikundiopsa, kuti ndinanama bwino chonchi, ine amene ndimaphunzitsa ana Sande sukulu za Hananiya ndi Safira.

Ababa sanakalipe. Analira. Azakhali anasakaniza mizu yawo ndi mchere, ndinawamwetsa ndi dzanja langa, nanenso ndinamwa. Kutacha anavala malaya awo aja ankavala popita kutchalitchi kwa amayi, anakwera njinga okha monga ananenera.

Ndiye taonani mmene zakhalira. Mwendo ukupola, ndipo wodi yonse ikudziwa chifukwa chake. Aliyense wobwera kudzazonda wodwala wake, ababa amamuuza, "Mwana wanga uyu anaulula, n'chifukwa chake mankhwala a azungu akugwira." Sanandikondepo chonchi chibadwire changa. Amandisiyira theka la tiyi wawo. Amanditchula mayi. Kalata yanu ya namasupuni ndinawawerengera, anaseka mpaka kutsokomola, akuti, "Mwanayu dambo akulidziwabe." Anavomereza zonse, palibe chimene anatsutsa. Kenako anati, "Koma namasupuni sabwera yekha. Amabwera ndi madzi, ndipo madziwo alipo amene anawatsegulira."

Popeza tsopano ndine wotentha, chilonda sindikuloledwa kuchigwira. Akutsuka ndi anamwino. Ine ndimangophika kuchitando cha odikirira odwala ndi kuchapa. Ndiululenso apa: manja anga apuma ndipo ndikukondwa nazo. Sindikudziwa kuti Mulungu aziwerengera mbali iti.

Azakhali atabwerera kumudzi sanasunge pakamwa. Akulu a mpingo anditumizira mawu kuti ndaimitsidwa kukwaya ndi kumgonero, ndipo Lamlungu likubwerali ine ndi Hilario tikaonekere pamaso pawo mapemphero akatha.

Hilario anabwera Lachisanu, anapalasa njinga kuchokera kwathu dzuwa lonse lija. Anakana kulowa, tinaima pageti. Anandiyang'ana, akuti, "Esinala, tsiku la kudimbalo ine ndinali kuti? Bwenzi utandiitanako, poti mlandu wake ndikulipira." Ndinafuna kuseka, m'malo mwake ndinalira. Ndinamufotokozera zonse. Anati akumva, ndipo ababa amawakonda, koma mayi ake sakutuluka m'nyumba ndi manyazi, ndipo anyamata akumsika akumutcha Wakudimba. Akuti iye pamaso pa akulu a mpingo savomera chimene sanachite. Ndikakabwereza bodzalo pamenepo, iye ali chiimire, ndiye kuti ndamutcha wabodza m'nyumba ya Mulungu, ndipo za ukwati tiiwale. Sanakweze mawu. Anandisiyira mango m'jumbo n'kubwerera.

Ndikanena zoona Lamlungu, Lolemba azakhali afika nazo kuno. Ababa adzati ndiye kuti tsempho silinachoke, tinamwa mankhwala pabodza, ndipo mukuwadziwa. Adzazula dripi, adzafuna njinga, kupala kwachiwiri kusanachitike. Ndikanamanso, mwendo utsala, Hilario apita, ndipo ndidzakhala nditanama kawiri, kachiwiriko m'tchalitchi. Ndapempha akulu a mpingo kuti adikire mpaka ababa atatuluka. Ayankha kuti nkhani yafala kale, singagonenso.

Ndayesa kupemphera, koma ndikangoti Atate, mawu ena sakubwera.

Za tizilombo musalembenso, achimwene, ndamva ndipo ndaziona ndi maso. Mundiuze choti ndikanene Lamlungu. Kapena bwerani Loweruka, ngakhale tsiku limodzi lokha, mudzakhale pambali pa bedi la ababa pamene mawuwo azifika, muwagwire asachoke. Ine ndekha mphamvu zowagwira ndilibe. A Fanizo atsika Lachisanu m'mawa ndipo ndawapempha adutsire kuno asanapite kumudzi. Ndidzakhala pageti. Musawasiye abwere chimanjamanja.

Ndine mlongo wanu,
Esinala